Za Mabogi a Katundu ndi Amisiri Amene Amawakonza

Chaka ndi chaka, mwezi wa October ukafika, ife alangizi timamva funso limodzi lomwelo pa msonkhano uli wonse wa alimi: "Kodi fetereza afika liti?" Ena amati ogulitsa akumubisa dala kuti adzakweze mtengo mvula ikagwa. Ena amati sitima ya pamadzi yachedwa. Nthawi zina zimenezi zimakhala zoona ndithu. Koma pali chinthu china chimene sindinamvepo mlimi akuchitchula, ndicho bogi, ngolo yachitsulo ija imene mutu wa sitima ya pamtunda umakoka.

Dziko lathu liribe doko pa nyanja yamchere. Fetereza wambiri amene timathira m'minda amachokera kutali, ndipo akatsitsidwa pa doko la Nacala kapena la Beira ku Mozambique ayenera kukwera lole kapena bogi kuti afike kuno. Nandolo, fodya, tiyi ndi shuga wathu popita kunja amadzera njira yomweyo. Chifukwa chache, ngakhale mudzi wanu uli kutali ndi njanje, ngakhale simunaonepo sitima chibadwire, bogi liri ndi mbali yache pa mtengo wa thumba limene mumagula, ndiponso pa tsiku limene thumbalo limakupezani. Tsono lero tisiye pang'ono za mizere ndi mapando, tikambirane za mabogi, kumene amachokera, ndi anthu amene amawasamala.

Nyundo ndi mphika

Ndiri mnyamata ndinaima tsiku lina pa siteshoni pamene sitima ya katundu inali itangofika. Ndinaona bambo wina wachikulire, wobvala ovolosi yothimbirira mafuta, akuyenda m'mbali mwa mabogi ali ndi nyundo ya mpini wautali. Pa gudumu liri lonse anali kugogoda kamodzi, ngwe! ndi kutchera khutu, kenaka ndi kukhudza kabokosi kachitsulo ka pambali pa gudumulo ndi kuseri kwa dzanja. Ndinalephera kupirira.

"Pepani bambo, kodi gudumulo lalakwanji kuti mulimenye?"

Iwo anaseka. "Mwana wanga, mai ako akamagula mphika pa msika amayamba atani?"

"Amaugogoda."

"Basi, ndi zomwezo. Wabwino umalira, wang'alu umangoti phu."

Gudumu la chitsulo likakhala lathunthu limalira ngati belu, koma likachita mng'alu, ngakhale wosaoneka ndi maso, kulira kwache kumazimirira. Masiku ano kuli makina amene amaona mng'alu m'kati mwa chitsulo, koma nchito ya munthu woyendera mabogi sitima isananyamuke ikalipobe. Iye ndiye amalola bogi kupitirira kapena kulamula kuti lichotsedwe pa mndandanda, ndipo mau ache sakanidwa, ngakhale mwini katundu alire chotani.

Za kabokosi kaja ndinadzazimvetsa bwino pa ngolo ya bambo anga. Chaka china tinalongedza chimanga kupita nacho ku msika, koma girizi tinali tisanathire chiyambire kukolola. Gudumu linayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi, ife osasamala. Tisanafike pa mtsinje utsi unatuluka, bering'i ndi kupsya, ndipo tinagona pa njira usiku umenewo tikulondera matumba. Bogi la sitima limadwala nthenda yomweyo. Kulemera konse kwa katundu kumatsamira pa nsonga za ekiselo, ndiwo mtanda wachitsulo umene umalumikiza magudumu awiri, ndipo nsongazo zimazungulira m'kati mwa timabokosi tija. Mabogi akale anali ndi mkuwa wosalala m'menemo, ndi ulusi wonyowa mafuta umene unali kupaka ekiselo ikamazungulira. Mafuta akatha, kapena mchenga ukalowa, chitsulo chinali kutentha mpaka kufiira, ndipo nthawi zina nsonga ya ekiselo inali kuduka sitima iri pa liwiro. Mabogi atsopano ali ndi mabering'i otsekedwa amene amayenda zaka osafuna mafuta ena, komabe nawonso amatha. Dzanja la bambo aja linali kufunafuna kutentha kumeneku.

Pansi pa bogi pali chiani

Mau akuti bogi ife timatchulira ngolo yonse, koma kwa amisiri a njanje bogi leni leni ndi kangolo kakafupi ka magudumu anai kamene kali pansi. Ngolo iri yonse yaikulu imakhala pa timangolo tiwiri totere, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndipo timatha kutembenuka pang'ono kuti ngolo yaitali ikhote bwino pa kona. Ndiye kuti bogi limodzi liri ndi magudumu 8 ndi maekiselo 4.

Magudumu a sitima sali ngati a ngolo yathu ai. Awiri awiri amakanikizidwa pa ekiselo ndi makina amphamvu zedi, popanda bauti ngakhale imodzi, ndipo amazungulira pamodzi ndi ekiseloyo. Gudumu liri lonse liri ndi mlomo m'mbali mwache, chakum'kati kwa njanje, woliletsa kutsetsereka. Sitima iribe chiongolero; mlomo umenewu ndi kapendekedwe ka gudumu ndizo zimaiongolera. Mlomo ukadyeka ndi kukhala wopyapyala ngati mpeni, ukhoza kukwera pamwamba pa njanje, makamaka pa mphambano, ndipo bogi limagwa ndi kukokera anzache pansi.

Pa mbali ya bogi liri lonse amalembapo manambala: kulemera kwa bogilo lopanda kanthu, ndi katundu amene liloledwa kunyamula. Malire amenewa amachokera ku njanje ndi milatho, chifukwa njanje iri yonse iri ndi muyeso wa kulemera kumene ekiselo imodzi iyenera kutsamiritsa. Tiyerekeze njanje yololeza matani 15 pa ekiselo. Maekiselo 4 ndiye matani 60. Tikachotsapo matani 20 a bogi lenilenilo, patsala matani 40 a katundu, ndiwo matumba 800 a makilogalamu 50. Njanje isanafike m'dziko muno katundu anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga, ndipo munthu mmodzi anali kusenza pafupifupi makilogalamu 25. Werengani nokha: bogi limodzi lotere likugwira nchito ya amuna 1,600. Agogo athu ena anathera mphamvu zao pa njira ya pakati pa Shire ndi Blantyre, minda kumudzi iri yosalima.

Mabogi ali a mitundu mitundu. Alipo otseka ngati nyumba, a fetereza, shuga ndi fodya. Alipo apululu amene amafunditsidwa lona. A thanki onyamula petulo ndi dizilo. Athyathyathya onyamula makontena. Ndi ena otsegukira pansi, othira miyala pa njanje. Mtundu wina sungalowe m'malo mwa unzache. Pa siteshoni pakhoza kudzaza mabogi a thanki, koma fetereza ndi kukhalabe pa doko chifukwa otseka palibe.

Kumene mabogi amachokera

Njanje yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa m'chaka cha 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kufika ku Blantyre. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana unatha kumangidwa pa mtsinje wa Zambezi, wautali kuposa makilomita 3 ndi theka, ndipo kuyambira pamenepo bogi linatha kuchoka ku Beira mpaka kuno popanda kutsitsa katundu kuti aoloke pa madzi. Chaka chomwecho njanje inafika ku Salima. Mu 1970 inatsegulidwa ya ku Nkaya mpaka Nayuchi, yotilumikiza ndi Nacala. Ya ku Lilongwe inatha mu 1979, ya ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inafika ku Chipata ku Zambia.

Zaka zonsezi mabogi takhala tikugula kunja. Oyambirira anachokera ku Britain. Pambuyo pache maiko oyandikana nafe anayamba kupanga ao: ku Nigel, pafupi ndi Johannesburg, kunakhazikitsidwa kampani ya Union Carriage and Wagon mu 1957, ndipo ku Bulawayo nakonso kunali kupangidwa mabogi. M'zaka za posachedwapa maiko ambiri a mu Afrika agula mabogi ku China, kumene kuli kampani yaikulu yochedwa CRRC. Kupanga bogi kumafuna chitsulo chochuluka, ng'anjo zosungunulira magudumu, ndiponso ogula ambiri chaka ndi chaka. Dziko la njanje yaifupi ngati lathu silingadyetse fakitale yotere. Tsono bogi latsopano limagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe zija timapeza tikagulitsa fodya ndi tiyi, ndipo kuchokera tsiku loitanitsa kufika tsiku lolilandira pamapita miyezi yambiri. Munthu sangadzuke mu October ndi kunena kuti mabogi achepa, tiyeni tikagule ena.

Mwai umene tiri nao ndi wakuti njanje zathu ndi za anzathu ziri ndi mpata umodzi. Pakati pa zitsulo ziwirizo pali mamilimita 1,067 kuno, ku Mozambique, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Botswana ndi ku South Africa, ndiponso pa njanje ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam. Chotero bogi la dziko lina likhoza kulowa m'dziko linzache, ndipo mwini wache amalipiritsa masiku amene lakhala kwa eni. Njanje yakale ya pakati pa Tanzania iri ndi mpata wa mamilimita 1,000, ndipo kusiyana kwakung'ono kumeneko, kosafika kutalika kwa chala, ndi kokwanira kuletsa bogi lathu kupondapo.

Kubwereka bogi si chinthu chachilendo. M'mudzi si onse ali ndi ngolo. Ambiri timachita hayala ya mnzathu pa nthawi yokolola. Ku North America, kumene kuli mabogi a katundu oposa 1,500,000, ambiri mwa iwo si a makampani a njanje ai, koma a makampani amene nchito yao ndi kubwereketsa mabogi, kapena a eni katundu. Kumeneko malamulo amalola bogi kuyenda pa njanje za makampani osiyanasiyana mpaka zaka 50 ngati likusamalidwa. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti bogi ndi chuma cha zaka zambiri. Lopangidwa pamene bambo anu anali mnyamata likhoza kunyamula fetereza wa mwana wanu, koma pokhapokha amisiri akhale nalo pafupi.

Ku nyumba yokonzera

Kuno kwathu likulu la njanje lakhala ku Limbe kuyambira kale, ndipo kumeneko ndiko kuli nyumba zokonzera mitu ya sitima ndi mabogi. Mu 1999 Boma linapereka nchito yoyendetsa njanje kwa kampani ya Central East African Railways. Anzathu a ku Zambia ali ndi malo otere ku Kabwe, a TAZARA ku Mpika ndi ku Dar es Salaam, ndipo a ku Zimbabwe ku Bulawayo.

Kukonza kuli pawiri. Zazing'ono, monga kusintha chitsulo cha buleki kapena paipi ya mpira yong'ambika, zimachitikira pa kanjanje kapambali pa siteshoni, katundu ali momwemo. Koma pakapita zaka zoikika bogi liri lonse liyenera kulowa m'nyumba yokonzera, lidwale lisadwale. Kumeneko amalinyamula ndi majeke kapena kireni, ndi kutulutsa timangolo tapansi tija. Amamasula zonse, kutsuka, ndi kuyeza chimodzi chimodzi. Sipuling'i yofooka imachotsedwa. Ootcherera amadula malata odyeka ndi dzimbiri ndi kuikapo ena. Zitseko amaziongola, denga amalimata, ndipo potsiriza amapaka utoto ndi kulemba tsiku limene nchitoyo yachitika.

Nchito imene ine imandichititsa chidwi ndi yosema magudumu. Gudumu lodyeka salitaya msanga. Amaika ekiselo ndi magudumu ache pa makina amene amazungulitsa pang'onopang'ono, mpeni wolimba ukusenda chitsulo monga mmisiri amasendera mtondo, mpaka mlomo ndi mimba ya gudumu zibwerere m'maonekedwe ache oyamba. Magudumu awiri a ekiselo imodzi ayenera kutuluka ofanana ndendende. Lina likakula pang'ono bogi limayenda chopendekera ndi kumadya njanje mbali imodzi. Kusema kuli konse kumachepetsa gudumu, ndipo likafika pa malire ache liyenera kuchotsedwa. Apa ndi pamene pamagona bvuto, popeza gudumu latsopano, bering'i yatsopano, zonsezi ndi za kunja. Mmisiri akhoza kukhala waluso chotani, koma ngati chipangizo sichinafike, bogi limangokhala pa mzere, udzu ndi kumera pansi pache. Zikatero amisiri amakakamizika kumasula bogi lina lodwala kuti achiritse linzache, ndipo lomasulidwalo kawirikawiri silidzukanso. Amene anaphwasulapo njinga yakale kuti akonzere yatsopano akudziwa mathero ache.

Mukamva sitima ikudutsa ndipo bogi lina likumveka gu! gu! gu! mosiyana ndi anzache, dziwani kuti gudumu lache laphwatalala pena. Izi zimachitika buleki ikagwira osamasuka, gudumu ndi kumakwekwereza pa njanje m'malo mozungulira. Malo ophwatalalawo amamenya njanje ngati nyundo pa kuzungulira kuli konse, ndipo amaononga bering'i, njanje, ndi katundu yemwe.

Za mabuleki ndinene pang'ono, chifukwa pali nzeru yokoma. Paipi imodzi imayenda kuchokera ku mutu wa sitima kudutsa pansi pa mabogi onse mpaka lomaliza. Pa mabogi ambiri akale a kuno kum'mwera kwa Afrika, mutu wa sitima umayamwa mpweya kuuchotsa m'paipimo, ndipo mabuleki amamasuka. Mpweya ukalowanso, amagwira. Pa mtundu wina, umene unayambira kwa George Westinghouse wa ku America mu 1869, ndi kukonzedwanso bwino zaka zotsatira, mpweya umapoperedwa m'paipi, ndipo ukatuluka mabuleki amagwira. Pa mitundu yonse iwiri, sitima ikaduka pakati paipi imaduka nayo, ndipo mabogi onse amaima okha popanda munthu kuwakhudza. Koma bogi la mtundu wina silingagwire buleki pakati pa a mtundu unzache, pokhapokha likhale ndi zipangizo za mitundu yonse iwiri. Ichinso chimachepetsa mabogi amene angalumikizidwe pa ulendo umodzi.

Tiwerengere pamodzi

Tsopano tifike pa chimene ndalembera nkhani ino. Anthu akamva kuti mabogi akusowa amaganiza kuti mankhwala ache ndi kugula ena basi. Ine ndikuti kuchuluka kwa mabogi sikuwerengedwa pa buku ai. Tiyenera kufunsa kuti ali bwino ndi angati, ndipo amatenga masiku angati kupita ku doko ndi kubwerera.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, monga timachitira pa bolodi pophunzitsa. Kuchokera ku Nacala kufika ku Blantyre pa njanje pali makilomita pafupifupi 800. Tinene kuti tiri ndi mabogi 100, liri lonse la matumba 800, ndipo ulendo wopita ndi kubwera, kuphatikiza kulongedza ndi kutsitsa, ukutenga masiku 10. Pa masiku 60 a September ndi October mabogiwo ayenda maulendo 6, ndipo abweretsa matumba 480,000. Tsono tinene kuti mabogi 20 ali pa mzere kudikira magudumu, ndipo otsalawo akuchedwa pa doko, pa malire ndi potsitsa, mpaka ulendo ukutenga masiku 15. Mabogi 80, maulendo 4: matumba 256,000. Pa buku mabogi akadali 100, palibe labedwa, palibe lagwa, koma matumba 224,000 sanafike. Banja liri lonse likamafuna matumba awiri, lobzalira ndi lobereketsa, ndiye kuti mabanja 112,000 abzala opanda fetereza, kapena agula wobwera pa lole. Lole yaikulu imanyamula matani ngati 30, iri ndi injini yache, dalaivala wache ndi matayala a mpira, pamene mutu umodzi wa sitima umakoka mabogi ambiri pa magudumu achitsulo amene amatereka mosabvuta. Pa ulendo wautali kusiyana kwa mtengo kumagwera pa thumba lanu.

Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti fetereza wofika chimanga chitamasula ngaiyaye ndi ndalama yotaya.

Amene amakhala ku Mwanza, Neno, Balaka ndi Machinga amaona sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala, ulendo wa makilomita 912, pa njanje imene inamangidwa ndi kampani ya Vale. Sitima imodzi imakoka mabogi oposa 100. Chinsinsi chache si kutalika kokha. Mabogi onsewo ndi a mtundu umodzi, amanyamula katundu mmodzi, amadzazidwa ndi makina ndi kukhuthulidwa ndi makina, ndipo samwazikana m'masiteshoni. Mabogi a fetereza ndi nandolo alibe mwai umenewo. Lina latsala pa Liwonde, lina lapita ku Limbe, lina ku Kanengo, ndipo liri lonse likudikira anthu odzatsitsa thumba limodzi limodzi pa msana.

Bogi longokhala nalonso limaonongeka. Tinaziona m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya Beira ndi ya Nacala yomwe, katundu wathu ndi kumazungulira pa mseu mpaka ku Durban pa mtengo woopsya. Madzi osefukira anadula njanje ku Chiromo mu 1997, ndipo mu 2003 anakokolola mlatho wa Rivirivi pafupi ndi Balaka. Njanje ikaduka chotero mabogi amaima miyezi kapena zaka, ndipo mipira ya mabuleki imauma, madzi amalowa m'mabering'i, dzimbiri ndi kudya pansi. Tsiku limene njanje yatsegulidwanso, nchito yoyamba imakhala ya amisiri a mabogi.

Mbali yathu ife alimi

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ine wa khasu ndingachitepo chiani?" Zambiri za izi ziri m'manja mwa a njanje ndi Boma, ndipo sindikufuna kukusenzetsani mtolo wa eni. Koma zina zimatikhudza, ndipo china mwa izo ndi chochititsa manyazi.

M'midzi ina ya m'mbali mwa njanje muli anthu amene amazula zitsulo za pa njanje ndi pa mabogi oima, ndi kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha kapena kwa osula makasu ndi nkhwangwa. Chitsulo cha buleki, kapini kotsekera chitseko, paipi ya mpira yodula malegeni: wakubayo amapeza ndalama ya mchere, koma bogi la matumba 800 laima mpaka chipangizo china chichokere kunja. Choopsya koposa ndi pamene kubako sikunaoneke, bogi ndi kunyamuka lopanda buleki. Inu mafumu ndi akuluakulu a mipingo, wosula wa m'mudzi mwanu mumamudziwa, ndipo chitsulo cha njanje sichibisika. Ana aletsedwe kusanja miyala pa njanje ndi kuseweretsa zogwirira za mabogi oima. Ndipo inu amene mumalima mpaka m'tsinde mwa njanje, mukugumula dothi limene lagwira njanjeyo. Mvula ikadza ngalande zimatsekeka, njanje ndi kutitimira, ndipo pamalo potero ndi pamene masipuling'i amathyoka.

Makalabu ndi mabungwe a alimi amene afika pa msinkhu woitanitsa katundu wodzaza bogi, kapena kutumiza mbeu zao pa njanje, amvetse ichi: bogi si nkhokwe. Likaikidwa pa malo otsitsira, aganyu ndi malole akhale atakonzeka kale. Masiku aulere amakhala owerengeka, ndipo akatha pamakhala lipiro la tsiku ndi tsiku. Ndinaonapo gulu lina la alimi litaitanitsa katundu bwinobwino, koma pofika tsiku lotsitsa anayamba kukangana za amene alipire aganyu. Mkangano unatha sabata yathunthu, ndipo phindu limene anapeza pogula pamodzi linathera pa chindapusa. Sabata imeneyo bogilo likadakhala litafika ku doko ndi kudzazidwanso.

Polongedza musapitirire nambala yolembedwa pa mbali, ndipo matumba ayalidwe mofanana mbali zonse, osaunjika kumodzi. Musanalongedze mbeu lowani m'bogimo masana, mutseke chitseko, muyang'ane kumwamba. Mukaona kuwala kukulowa pa denga, mvulanso idzalowa pomwepo; likaneni bogilo, kapena pemphani kuti limatidwe. Mtedza ukanyowa pa njira umachita chuku, ndipo ogula akunja amaubweza wonse. Sesani pansi ndi m'makona, chifukwa njere zotsalira za ulendo wapita zimasunga anankafumbwe. Mukatsitsa fetereza sesaninso. Fetereza wotayika akakumana ndi chinyezi amadya chitsulo msanga kwambiri. Onani m'mene limathera khasu kapena chitini chimene mwasiya m'thumba la Urea. Pansi pa mabogi ambiri pamabooka chifukwa cha zimenezi.

Chotsiriza ndi cha mlimi ali yense, wa kalabu ndi wopanda kalabu. Mabogi amapanikizika miyezi iwiri kapena itatu mvula isanagwe, chifukwa tonse timafuna fetereza nthawi imodzi, pamene miyezi ina ena amayenda opanda kanthu. Amalonda amaitanitsa molingana ndi m'mene ife timagulira. Amene angathe, agule thumba limodzi kapena awiri pamene wangogulitsa fodya, soya kapena mtedza, mu June, July kapena August, ndalama isanathere ku zina. Fetereza saola akasungidwa bwino. Muikeni pa thandala la mitengo kuti asakhudze pansi, kutali ndi khoma, m'chipinda chosadontha ndi chosafika ana, ndipo thumba lisatsegulidwe kufikira tsiku lothira. Amene sadziwa mtundu ndi muyeso woyenera munda wache aonane ndi mlangizi wa dera lache asanagule.